Mpando wa Mwana M'galimoto Umalimba ndi Pomwe Waumangirira

Makolo akafika m'sitolo kukagula mpando wa mwana wa m'galimoto, maso awo amathamangira pa zinthu zooneka: kufewa kwa nsalu, kukhuthala kwa siponji, dzina la kampani ndi mtengo wake. Zonsezi zili ndi malo ake, koma si zimene zimagamula ngati mwanayo apulumuke galimoto ikagundana ndi inzake. Mlanduwo umagamulidwa kuseri kwa mpando, kumene ambiri sayang'anako, pa malamba ndi ngowe zolumikiza mpandowo ku chitsulo cha galimoto. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, limati m'magalimoto ang'onoang'ono mpando wa mwana umachepetsa imfa ndi 71 peresenti kwa makanda osakwana chaka, ndi 54 peresenti kwa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi. Phindu limeneli limadza pokhapokha mpandowo utagwirana ndi galimoto ngati chinthu chimodzi. Magalimoto a masiku ano ali ndi malo atatu omangirirapo mpando wa mwana: tizitsulo tiwiri m'munsi, ndi kachitsulo kena kumbuyo kokowekapo lamba wochokera pamwamba pa mpando. Anthu ambiri amayesa kuti tiwiri ta m'munsito ndito eni nkhani, ndipo lamba wapamwambayo ndi wongowonjezera. Umboni ukunena zosiyana. Tizitsulo ta m'munsi tinabwera kudzachepetsa zolakwitsa za womanga, pamene lamba wapamwamba ndiye amasintha mmene thupi la mwana limayendera pa ngozi, ndipo ndi yemweyo amene amaiwalika kuposa china chilichonse.

Kuti ntchito ya malambawa imveke, tiyambe ndi zimene zimachitika galimoto ikaima mwadzidzidzi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu cholimba imaima diso lisanaphethire, koma zonse zimene zili m'kati mwake zimapitirira ulendo pa liwiro lomwelo mpaka zitapeza choziimitsa. Liwiro limeneli ndi lofanana ndi limene munthu amafika nalo pansi akagwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Opanga magalimoto amachita dala kukonza kutsogolo kwa galimoto kuti kuzipindika ndi kuphwanyika pa ngozi, chifukwa kuphwanyikako kumatalikitsa nthawi yoima ndi kumwaza mphamvu ya kugundako. Munthu womangiriridwa zolimba amapindula nako: amayamba kutaya liwiro pamodzi ndi galimoto n'kuima nayo limodzi. Koma pakakhala mpata pakati pa iye ndi chomugwira, galimoto imayamba kuima iye akuulukabe, ndipo lamba akamadzamugwira, kuphwanyika kuja kumakhala kutapita kale patali, choncho amaimitsidwa mwankhanza m'kanthawi kochepa zedi. Pa mayeso a mipando ya ana, mphamvu yoimitsa imafika pochulukitsa kulemera kwa thupi ka 20, kutanthauza kuti mwana wa makilogalamu 10 amakoka ngati katundu wa makilogalamu 200. Palibe mikono ya mayi kapena bambo imene ingagwire zimenezo, ndipo lamba wokhwepa amazigwira mochedwa.

Mwana wokhala mumpando wake ali ndi malo awiri pamene kukhwepa kungalowere: timalamba tomugwira m'mapewa ndi m'chiuno, ndi malamba ogwira mpandowo ku galimoto. Kukhwepa kwa pamalo awiriwa kumaphatikizana, ndipo chiwalo chimene chimalipira ndi mutu. Thupi la mwana linagawika mosiyana ndi la munthu wamkulu. Mutu wa khanda umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lonse, pamene wa munthu wamkulu sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Mutu wolemerawo wasenzedwa ndi khosi limene mafupa ake sanakhwime ndiponso minofu yake sinalimbe. Galimoto ikagunda kutsogolo, chifuwa cha mwana woyang'ana kutsogolo chimagwidwa ndi timalamba tija, koma mutu ulibe chougwira, ndiye umaponyedwa kutsogolo n'kukoka khosi. Ukapita patali umakagunda kumsana kwa mpando wa dalaivala kapena wa wokhala pambali pake, ndipo kuvulala m'mutu ndiko kumatsogola pa kuvulala koopsa kwa ana pa ngozi za galimoto. M'galimoto yaing'ono, mpata wa pakati pa nkhope ya mwana ndi mpando wakutsogolo ndi wochepa, makamaka wokhala kutsogoloyo akakhala wamtali n'kukankhira mpando wake m'mbuyo. N'chifukwa chake akatswiri oyesa mipando amawerengera masentimita a ulendo wa mutu mosamala kwambiri.

Kwa zaka zambiri njira yokhayo yomangira mpando wa mwana inali lamba wa akuluakulu wa m'galimoto. Lambayo anapangidwira thupi la munthu wamkulu, ndipo anakonzedwa kuti azitambasuka momasuka munthu akamasuntha, n'kuuma pokhapokha galimoto ikaima mwadzidzidzi. Khalidwe limeneli ndi labwino kwa munthu, koma mpando wa mwana umafuna lamba wokhala wokungika nthawi zonse. Kuwonjezera apo, galimoto iliyonse inali ndi malamba amtundu wake, ena aatali ena aafupi, ena okhala ndi chomangira chotulukira patsogolo kwambiri, ndipo mpando uliwonse wa mwana unali ndi njira yakeyake yopitsira lambayo. Kholo linkayenera kugwirizanitsa zinthu ziwiri zimene anazipanga anthu osadziwana, ndipo ambiri ankalephera osazindikira kuti alephera. Akatswiri anaona kuti kuphunzitsa makolo kokha sikungathetse vuto limene gwero lake ndi kapangidwe. Mu 1997 kampani ya mipando ya Britax Römer ndi ya magalimoto ya Volkswagen zinatulutsa mpando woyamba wokowekedwa pa zitsulo zowotcherera ku thupi la galimoto, m'galimoto ya Golf, ndipo mu 1999 bungwe la miyezo la dziko lonse linasindikiza muyezo wa ISO 13216, umene anthu amaudziwa ndi dzina loti ISOFIX. Muyezowu ndi wosavuta: tizitsulo tiwiri tokhuthala mamilimita 6, totalikirana mamilimita 280, tobisika mumpata wa pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo.

Mayiko anautenga muyezowu m'njira zosiyana pang'ono. Ku America anautcha LATCH, ndipo kuyambira Sepitembala 2002 pafupifupi magalimoto onse atsopano onyamula mabanja ndi mipando yonse yatsopano ya ana zinayenera kukhala nawo. Ku Canada anautcha UAS ndipo unayamba nyengo yomweyo. Ku mayiko a European Union tizitsuloti tinakhala lamulo pa magalimoto onse atsopano mu Novembala 2014. Mipando yambiri ya ku Europe ili ndi mikono iwiri yachitsulo yosapindika, imene ukaikankhira pa tizitsulo tija imaluma n'kulira kuti kha, ndipo kachizindikiro kofiira kamasanduka kobiriwira. Yambiri ya ku America ili ndi lamba wansalu wokhala ndi ngowe mbali zonse ziwiri, amene womanga amakoweka kenako n'kukunga ndi dzanja uku akupanikiza mpandowo pansi. Mikono yosapindika imasiya mpata wochepa wolakwitsa ndipo imagwira bwino mpando galimoto ikagundidwa m'mbali. Lamba wansalu ndi wotsika mtengo ndiponso amalowa mosavuta m'magalimoto osiyanasiyana, koma kulimba kwake kumadalira mphamvu ndi chidwi cha wokungayo. Njira zonse ziwirizi zikufanana pa chinthu chimodzi chofunika: zimagwira mpando m'munsi mokha.

Apa ndiye pagona nkhani. Chinthu chachitali chomangidwa m'munsi mokha chimaweramira kutsogolo chikaimitsidwa mwadzidzidzi, ndipo aliyense amene anaonapo thumba la makala loimiritsidwa pa kaliyala ya njinga akudziwa zimene limachita wopalasa akagwira mabuleki pamtsetse: m'munsi mumatsala pomwepo, koma pamwamba pamagwera kumsana kwake. Mpando wa mwana woyang'ana kutsogolo umachitanso chimodzimodzi. Tizitsulo ta m'munsi timasanduka pozungulira pake, siponji ya mpando wa galimoto imabonyeka, ndipo kumtunda kwa mpando wa mwana kumalambira kutsogolo kutanyamula mapewa ndi mutu. Lamba wapamwamba amachokera kuseri kwa mpandowo chakumutu, amadutsa pamwamba pa potsamira pa mpando wa galimoto, n'kukakowekedwa pa kachitsulo kake kumbuyo. Akakungika, kulambira kuja kumaletsedwa kusanayambe. Mayeso amaonetsa kuti lambayu amafupikitsa ulendo wa mutu ndi masentimita 10 mpaka 15, ndipo malamulo a ku America amavomereza kusiyanaku poyera: kuyambira mu 1999, mutu wa chidole choyesera ngozi suloledwa kupitirira mamilimita 720 lambayu atamangidwa, pamene popanda iye malire ndi mamilimita 813. Masentimita ochepawa ndi omwe amalekanitsa mutu umene wangopita kutsogolo n'kubwerera ndi mutu umene wagunda chitsulo cha mpando wakutsogolo. Dziko la Australia linaona zimenezi kale, ndipo lakhala likulamula lambayu kuyambira zaka za m'ma 1970. Canada inalamula malo omukowekapo m'magalimoto ang'onoang'ono atsopano mu 1989, pamene America inatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Wina angatsutse kuti lamba wamba wa m'galimoto ndi wokwanira, ndipo zonsezi ndi njira ya makampani yogulitsira katundu watsopano. Mbali imodzi ya mawu amenewa ndi yoona, ndipo ndi bwino kuivomereza mosabisa. Mpando womangidwa bwino ndi lamba wa galimoto, lambayo atadutsa m'njira yoyenera ndiponso atatsekedwa kuti asatambasuke, umateteza mofanana ndi womangidwa pa tizitsulo ta m'munsi. Tizitsuloti tilibe mphamvu yoposa lamba. Ubwino wake ndi wakuti timachepetsa malo olakwitsa. Kholo limene galimoto yake ilibe tizitsuloti lisadzione ngati lasiya mwana pangozi, bola limange mosamala. Koma kuvomereza kumeneku sikufika pa lamba wapamwamba. Lamba wa galimoto nayenso amagwira mpando chakumunsi, ndipo mpandowo umalambira kutsogolo monga momwe umachitira pa tizitsulo. Choncho pa mpando woyang'ana kutsogolo wokhala ndi lamba wapamwamba, funso la m'munsi lili ndi mayankho awiri ovomerezeka, tizitsulo kapena lamba wa galimoto, pamene lamba wapamwambayo amafunika pa njira zonse ziwiri. Palinso ena amene amamanga zonse pamodzi m'munsi, tizitsulo ndi lamba wa galimoto, poganiza kuti ziwiri ziposa chimodzi. Opanga mipando ambiri amaletsa zimenezi pa mipando yokhala ndi timalamba take, chifukwa mpando unayesedwa ndi njira imodzi pa nthawi, ndipo kuphatikiza kungapititse mphamvu ya ngozi pamalo pamene sanapakonzere.

Kuti tizitsulo ta m'munsi tilibe mphamvu yopanda malire zimaonekera m'malamulo omwe. Kuyambira mu 2014, mipando ya ku America imalembedwa chenjezo losonyeza pamene kholo liyenera kusiya kugwiritsa ntchito tizitsuloti, ndipo malire ake ndi mapaundi 65, pafupifupi makilogalamu 29.5, pophatikiza kulemera kwa mwana ndi kwa mpando. Muyezo wa R129, umene unayamba kugwira ntchito ku Europe mu 2013 ndipo umadziwikanso kuti i-Size, umaika malirewo pa makilogalamu 33. Mwana akakula kufika pamenepo akadali mumpando wa timalamba, njira yoyenera ndiyo kumasula ngowe za m'munsi n'kumanga mpandowo ndi lamba wa galimoto, amene anapangidwa kuti agwire munthu wamkulu, ngati buku la mpandowo likuloleza kutero. Cholakwa chimene chimabwera pa kusinthaku n'chakuti anthu amamasulira kumodzi lamba wapamwamba, poganiza kuti ngowe zitatuzo ndi banja limodzi lolowera ndi kutulukira pamodzi. Komatu mwana akamatalika ndi kulemera, mutu wake umakhala pamwamba kwambiri ndiponso pafupi ndi mpando wakutsogolo, ndiye lambayo amafunika kuposa kale. Ikafika nthawi ya mpando wongokweza mwana kuti lamba wa akuluakulu amudutse paphewa ndi m'chiuno moyenera, nkhani imasintha: wogwira mwana amakhala lamba wa galimoto, ndipo ngowe zikakhalapo ntchito yake ndi yongokhazika mpandowo kuti usasunthe kapena kuuluka mwana akakhala kuti sali m'galimoto.

Chitsutso cholemera kuposa chija n'chakuti ngati cholinga chinali kuthetsa zolakwitsa, ndiye kuti cholingacho chinalephereka. Kafukufuku wa NHTSA amene anachitika mu 2011 anapeza kuti mipando 46 pa 100 iliyonse inali yomangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito molakwika m'njira yochepetsa chitetezo, patatha zaka pafupifupi khumi LATCH ili lamulo. Kafukufuku wa bungwe la makampani a inshuwalansi la IIHS wakhala akupeza kuti lamba wapamwamba amamangidwa pa theka lokha, mwina kuchepera apo, la mipando yoyang'ana kutsogolo. Manambala amenewa sangakanidwe. Koma tikafunsa chifukwa chake, mayankho saloza ku kulephera kwa lambayo pa ngozi; amaloza ku kusadziwa ndi ku kuvuta kwa kapangidwe. Makolo ambiri osamanga lambayu amati sanadziwe kuti alipo, kapena sanadziwe ntchito yake, kapena sanapeze pomukoweka. M'magalimoto ena tizitsulo ta m'munsi tinakwiriridwa mwakuya m'siponji moti dzanja limachita kufukula. N'chifukwa chake mu 2015 IIHS inayamba kupereka magiredi kwa magalimoto malinga ndi kuphweka kopeza ndi kugwiritsa ntchito zitsulozi, poyang'ana kuya kwake, mphamvu yofunika pokoweka, ndi ngati pafupi pali zitsulo zina zosokoneza. Chida chogwira ntchito chimene theka la anthu sachigwiritsa ntchito chimafuna kuphunzitsidwa ndi kuikidwa poonekera. Kuchitaya kungakhale kulanga ana a theka linalo amene chikuwateteza kale.

Vuto la pokoweka ndi lenileni, chifukwa kachitsulo ka lamba wapamwamba kalibe malo amodzi monga tizitsulo ta m'munsi. M'magalimoto a buti yapadera kamakhala pa kashelefu ka kuseri kwa mipando yakumbuyo, pansi pa galasi, nthawi zambiri katavindikiridwa ndi kapulasitiki. M'magalimoto amene buti yake inalumikizana ndi mokhala anthu kamapezeka kumsana kwa mpando, pansi m'buti, mwinanso kudenga. Chizindikiro chake ndi chithunzi cha nangula. Pafupi ndi malo amenewa pamakhalanso mphete zomangira katundu, zooneka ngati zomwezo koma zosayesedwa kuti zigwire mphamvu ya ngozi, ndipo lamba wokowekedwa pamenepo, kapena wokulungidwa pa ndodo za chotsamira mutu, amangonamiza maso. Pali msampha winanso pa mpando wapakati. Ambiri amaukonda chifukwa uli kutali ndi zitseko, koma m'magalimoto ambiri tizitsulo ta m'munsi tili pa mipando ya m'mbali yokha. Kubwereka kachitsulo kamodzi kumanja ndi kena kumanzere kumasintha mtunda uja wa mamilimita 280, ndipo n'kololedwa pokhapokha wopanga galimoto ndi wopanga mpando onse atalemba kuti zitheka. Apo ayi, pakatipo pamangidwe ndi lamba wa galimoto. Ndipo galimoto ikakhala yopanda kachitsulo kapamwamba, kupita nayo kwa wowotcherera kuti aikepo mphete si yankho. Malo ovomerezeka analimbitsidwa kuchokera kufakitale, pamene bawuti yoboola lata wamba imazuka pa nthawi yomwe ikufunika, n'kusanduka chitsulo chouluka pafupi ndi mutu wa mwana.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina, kuti kukunga mpando zolimba chonchi kumapititsa kugunda konse m'thupi la mwana, ndipo kukhwepa pang'ono kukanamufewetsera. Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Kukhwepa ndi ulendo umene thupi limayenda popanda choligwira, ndipo pa ulendowo silitaya liwiro ngakhale pang'ono. Limangofika pamapeto pa lamba ndi liwiro lonse galimoto itataya kale lake. Kufewetsa kwenikweni kumachitika thupi litagwidwa kale, pamene chinachake chikugonja pang'onopang'ono ndi kumeza mphamvu: kutsogolo kwa galimoto kukuphwanyika, nsalu ya lamba ikutanuka pang'ono monga anaikonzera, ndipo m'mipando ina ulusi wosokedwa mwapadera pa lamba wapamwamba ukuduka motsatizana. Zonsezi zimayamba ntchito lamba akangokungika, choncho amene wasiya mpata wachedwetsa chitetezo chimene amafuna kuwonjezera. Ichi ndi chifukwa chomwenso akatswiri amaletsera kukhazika mwana mumpando atavala jekete yokhuthala: pa ngozi jekete imaphwa, timalamba timene timaoneka tokungika n'kutsala tolendewera.

Chitsutso chomaliza chimachokera ku Sweden, ndipo ndicho chili ndi maziko olimba. Kumeneko dokotala wina, Bertil Aldman, anakonza mpando woyang'ana kumbuyo mu 1964 ataona mmene oyenda m'mlengalenga ankagonera chagada kuti msana wonse ulandire mphamvu ya kunyamuka, ndipo mpaka lero ana ambiri a ku Sweden amayenda atayang'ana kumbuyo kufikira zaka zinayi. Mwana akakhala chonchi, galimoto ikagunda kutsogolo mutu, khosi ndi msana zimakanikizidwa pamodzi pa chigoba cha mpando, ndipo khosi silikokedwa. Palibe lamba wapamwamba amene angafanane ndi chitetezo chimenechi, ndipo n'chifukwa chake muyezo wa R129 umalamula kuti mwana ayang'ane kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15, pamene bungwe la madokotala a ana ku America limalangiza kupitiriza kufikira malire a mpandowo. Wotsutsayo akunena zoona kuti kutembenuza mwana mochedwa ndiko kofunika koyamba. Komabe mfundo ya malo achitatu siichoka, imangosintha maonekedwe. Mipando yambiri ya ISOFIX ili ndi mwendo wachitsulo wotsikira pansi pa galimoto, woletsa mpando kulambira, ndipo mwendowo suyenera kuponda pa chivindikiro cha kabokosi kosungiramo zinthu pokhapokha wopanga galimoto atavomereza. Mipando ikuluikulu ya ku Sweden ili ndi malamba a m'munsi okokera ku zitsulo za pansi pa mpando wakutsogolo, ndipo ya ku Australia imamanga lamba wapamwamba ngakhale poyang'ana kumbuyo. Njira zasiyana, koma onse akugwirizana kuti malo awiri sakwanira kuletsa kuzungulira. Ndipo mwana aliyense tsiku lina adzatembenuka, lamba wapamwamba n'kuyamba ntchito yake.

Nkhaniyi inabadwira ku Europe, America ndi Australia, koma zitsulo zake zinafika kale m'misewu yathu. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo dziko limenelo linalamula ISOFIX m'magalimoto atsopano kuyambira Julayi 2012. Kutanthauza kuti mabanja ambiri akuyenda ndi zitsulozi osadziwa, poti buku la galimoto limabwera m'Chijapani kapena silibwera n'komwe. Kupisa dzanja mumpata wa mpando wakumbuyo ndi kufufuza chizindikiro cha nangula kuseri kwake sikulira ndalama. Chofunika kusamala kwambiri ndi mpando wa pakaunjika: ungafike wopanda buku, lamba wapamwamba atadulidwa kapena kusowa, mbiri yake ya ngozi yosadziwika, ndi pulasitiki yake itakalamba, pamene opanga ambiri amaika moyo wa mpando pa zaka 6 mpaka 10. Abale amene akukhala kunja akukumananso ndi malamulo: ku South Africa mwana wosakwana zaka zitatu ayenera kukhala mumpando wake kuyambira mu 2015, ndipo ku Britain lamulo limafika pa zaka 12 kapena msinkhu wa masentimita 135. N'zoona kuti ana ambiri kwathu amayenda pa minibasi ndi pa kabaza, kumene kulibe pokoweka chilichonse, ndipo vuto limenelo likufuna mayankho ena. Koma bungwe la WHO limati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Pamalo otere, banja limene lili ndi galimoto ndi mpando lilibe chifukwa chosiyira chitetezo chimene linalipira kale.

Tikaphatikiza umboni wonsewu, chigamulo chake n'chomveka. Tizitsulo ta m'munsi ndi njira yosavuta yochitira chimene lamba wa galimoto angachitenso, ndipo kholo lisankhe imene lingaimange molimba m'galimoto yake, mosapyola malire a kulemera. Lamba wapamwamba, kapena mwendo umene umagwira ntchito yomweyo pa mipando ina, alibe womulowa m'malo, ndipo mpando woyang'ana kutsogolo umene lamba wake akulendewera kuseri ndi mpando womangidwa mosamaliza. Inu amene mumanyamula mwana m'galimoto, musananyamuke ulendo wotsatira gwirani mpandowo pamene pamadutsa lamba kapena pamene pali ngowe, muukoke kumanja, kumanzere ndi kutsogolo; ukasuntha kupitirira masentimita 2.5, masulani n'kumanganso. Ngati ukuyang'ana kumbuyo, onetsetsani kuti suli patsogolo pa airbag yoyaka. Ngati ukuyang'ana kutsogolo, tsatirani lamba wapamwamba ndi dzanja lanu kuchokera pampando mpaka pa kachitsulo kake, muone kuti sanapotoke, kuti wakowekedwa pamalo pa chizindikiro cha nangula, ndipo mumukunge mpaka kukhwepa konse kutatha.